Mamalikisi akupitirira malire pa kafukufuku wa mu Storyline

Kambalame:
Akuluakulu, thandizeniko. Mu Articulate Storyline, pulogalamu yopangira maphunziro a pa kompyuta, ndili ndi mafunso 10 oti wophunzira adziyese yekha. Funso lililonse lili ndi mabatani asanu, kuyambira 1, "sindikugwirizana nazo m'pang'ono pomwe", mpaka 5, "ndikugwirizana nazo kwambiri". Batani lililonse lili ndi trigger (lamulo louza pulogalamuyo chochita) yowonjezera nambala yake pa variable (posungira nambala) ya Total. Malire ndi 50, koma poyesa ikumatuluka 63. Ndikulakwitsa pati?

Nyenyezi:
Achimwene, vuto ndi kuwonjezerako. Munthu akadina 2, kenako n'kusintha maganizo n'kudina 4, Total imameza zonse ziwiri, 6. Akabwerera m'mbuyo n'kuyankhanso, imawonjezeranso.

Funso lililonse likhale ndi variable yakeyake ya mtundu wa Number, Q1 mpaka Q10, yoyambira pa 0. Trigger ya batani isawonjezere, ingoika: akadina batani lachinayi pa funso lachitatu, Q3 ikhale 4 basi. Adine kakhumi, yotsala ndi yomaliza yokhayo. Mabatani asanuwo muwaike mu button set imodzi kuti losankhidwa lizikhala limodzi.

Kuwonkhetsa kuchitike kamodzi, pa silaidi yomaliza timeline ikangoyamba. Trigger yoyamba ibweze Total pa 0, kenako khumi zotsatira ziwonjezere Q1, Q2 mpaka Q10. Mukaiwala ya 0 ija, aliyense wobwereranso pa silaidiyo aziona mamalikisi atawirikiza. Kuti nambala ioneke, lembani %Total% m'bokosi la mawu.

Gogo wa Makompyuta:
A Nyenyezi anena zoona. Samalaninso ndondomeko ya ma trigger, poti amayenda kuchokera pamwamba kutsika. Yodumphira ku silaidi ina ikhale pansi penipeni, ikakhala pamwamba wophunzira amachoka nambala isanaikidwe. Pa batani la Next ikani lamulo loti lisagwire ngati Q ya funsolo idakali 0, apo ayi wodumpha funso amaoneka ngati wapeza zochepa.

Musadalire Reset to initial state, yobweza silaidi mmene inalili poyamba. Imabweza maonekedwe a mabatani, koma ma variable siiwakhudza. Batani la "Yambiraninso" lifunika ma trigger akeake obweza zonse 11 pa 0.

China chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mafunso otembenuza, monga "Ndimazengereza kuyamba ntchito". Apa kuvomereza kwambiri si chabwino, ndiye batani la 5 liike 1, la 4 liike 2, la 3 likhale momwemo, la 2 liike 4, la 1 liike 5. Kopanda zimenezi mumauza munthu zabodza za iye mwini.

Kambalame:
Zikomo nonse, tsopano ikuthera pa 50. Nanga ndemanga zosiyanasiyana malinga ndi mamalikisi?

Nyenyezi:
Ndemanga iliyonse ikhale pa layer yake, gawo loonekera pamwamba pa silaidi. Ma layer atatu: 10 mpaka 23, 24 mpaka 37, 38 mpaka 50. Ma trigger owaonetsa akhale pansi pa owonkhetsa aja. Yesani malire enieniwo, 23 ndi 24, 37 ndi 38, chifukwa ndi pamene pamatuluka ma layer awiri kapena osatuluka ndi imodzi yomwe. Dziwaninso kuti Total siipita yokha ku LMS, pulogalamu yosunga makosi ndi zotsatira za ophunzira. Mukaifuna kumeneko njira imodzi ndi JavaScript, yomwe imawerenga nambalayo ndi GetPlayer().GetVar("Total"), dzinalo lilembedwe ndendende, T wamkulu. Yeserani pa kosi yomwe mwaipanga kale publish n'kuiika pa LMS.