Yankho lapezeka: kaliwo uja si wowonongeka ayi

Sabata zingapo zapitazo ndinafunsa za kaliwo wakale amene ndinapeza, wokhota ngati mbedza. Chinkandidabwitsa n'chakuti kabowo ka pakamwa kali pamwamba m'malo mwa kunsonga, komanso m'kati mwa khosi lake muli kadzenje kopanda potulukira. Ndinkaganiza kuti wina anamuboola molakwika.

Zikomo kwambiri inu nonse amene munandiuza kuti ndiyang'anitsitse pa mkombero wachitsulo uja. Nditaupukuta ndi kansalu, zilembo zinaonekera: K&P Peterson. Ndi kaliwo wa ku Dublin, m'dziko la Ireland, wa mtundu umene Charles Peterson anatulukira m'zaka za m'ma 1890, wotchedwa System. Kadzenje kaja anakaika dala kuti chinyontho chizigweramo, utsi uzidutsa pamwamba pake uli wouma. Kabowo ka pamwamba kaja amakatcha P-lip, ndipo kamalozetsa utsi kumwamba kwa m'kamwa kuti usawaule lilime. Ndinakhala kanthawi ndikungomutembenuza m'manja, kudabwa nzeru zimenezi.

Mutu wake ndi wa briar, chitsa cholimba cha kamtengo komera m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo mizere ya mtengowo ikuonekabe bwino. Chogwirira pakamwa chinali chitasanduka chobiriwira mofiirira chifukwa cha dzuwa ndi ukalamba, koma nditachikwecha mosamala chadanso bii.

Ine sindisuta, ndimangowasunga. Tsopano mtima wanga uli pa kaliwo wa chikho, wa calabash, wokhala ndi mbale yoyera ya mwala wofewa wotchedwa meerschaum pamwamba. Alipo amene ali naye woti andiuze kasungidwe kake kuti asang'aluke?