Lipoti limodzi la Power BI, koma woyang'anira depoti aliyense aziona zake zokha

Mayi Nachisale, Limbe:
Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru pa lipoti la malonda lomwe ndakonza mu Power BI, pulogalamu ya Microsoft yopangira malipoti kuchokera ku deta. Kampani yathu imapikulitsa katundu wa m'magolosale ndipo ili ndi madepoti ku Limbe, Lunzu, Zomba, Thyolo ndi Mulanje. Abwana akufuna lipoti likhale limodzi, koma woyang'anira depoti akalowa aziona za depoti yake yokha. Ndinapanga tebulo la ololedwa, lokhala ndi imelo ya munthu ndi nambala ya depoti yake, ndipo pa Manage roles, pomwe timapanga ma role (magulu okhala ndi malamulo a mizere yomwe munthu angaone), ndinaika lamulo loti imeloyo ifanane ndi zomwe USERPRINCIPALNAME(), fomula yopereka dzina la munthu amene walowa, ikubweza. Ndikayesa pa View as mu Desktop zonse zikuyenda bwino, koma lipotili litaikidwa pa intaneti, bambo a ku Zomba akuona malonda a madepoti onse, pamene mayi a ku Mulanje akungopeza matebulo opanda kanthu.

Bambo Mbewe, Ginnery Corner:
Mayi, awa ndi mavuto awiri osiyana, ndipo la ku Zomba ndi limene liyenera kukonzedwa lero lomwe. Taonani udindo womwe bambowo anapatsidwa mu workspace, malo a pa intaneti omwe munaikamo lipotilo. Chitetezo mwaikachi, cha RLS (row-level security, choletsa munthu kuona mizere yosamukhudza), chimagwira okhawo amene ali pa udindo wa Viewer. Amene ali Admin, Member kapena Contributor amaona mizere yonse, chifukwa Power BI imawatenga ngati anthu ololedwa kusintha model (matebulo a deta omwe lipoti limagwiritsa ntchito), ngakhale mutawalemba mu role. Ine ndimaona kuti oyang'anira madepoti asamalowe mu workspace n'komwe. Apatseni lipotilo kudzera mu app, kenako muwalembe pa Security ya semantic model, yomwe tinkaitcha dataset dzinali lisanasinthidwe mu 2023.

Bambo Gondwe, Chichiri:
Ndikugwirizana ndi a Mbewe. Pa za ku Mulanje, matebulo opanda kanthuwo akutiuza kuti mayiwo alimo mu role, popeza munthu amene sanalembedwe mu role iliyonse amalandira uthenga womukaniza. Chikuvuta n'chakuti dzina lawo silikupezeka mu tebulo lanu. USERPRINCIPALNAME() imabweza dzina lomwe munthu amalowera mu Microsoft Entra ID, yomwe imasunga maakaunti a ogwira ntchito, ndipo dzinali silifanana nthawi zonse ndi imelo yomwe timamulembera makalata, makamaka ngati munthu anasintha dzina kapena kampani ili ndi ma domain awiri (gawo la imelo lobwera pambuyo pa @). Pangani measure (fomula yoti muike pa lipoti) yongoonetsa USERPRINCIPALNAME(), muiike pa khadi patsamba lapadera, mayiwo alitsegule ndipo akutumizireni chithunzi pa WhatsApp. Onaninso ngati palibe mpata kumayambiriro kwa imelo, chifukwa Power BI imachotsa yokha mipata ya kumapeto koma ya kumayambiriro imaisiya. Za zilembo zazikulu ndi zazing'ono musade nazo nkhawa, DAX (chinenero cha mafomula mu Power BI) siisiyanitsa.

Mayi Nachisale, Limbe:
Zikomo kwambiri nonse. Bambo a ku Zomba analidi Member, ndipo atangochotsedwa mu workspace ayamba kuona za Zomba zokha. Khadi lija laonetsa kuti mayi a ku Mulanje amalowa ndi dzina la domain yakale ya kampani. Tsopano pali funso lina. Tili ndi bambo mmodzi amene amayang'anira Thyolo ndi Mulanje pamodzi, ndipo nditamulemba mizere iwiri mu tebulo la ololedwa, relationship yolumikiza tebuloli ndi la madepoti yasintha moti lamulo lija silikufikanso pa tebulo la madepoti.

Bambo Mbewe, Ginnery Corner:
Zimenezo zimachitika chifukwa depoti ya Mulanje tsopano ikupezeka kawiri mu tebulo la ololedwa, choncho sefa ikuchokera ku madepoti kupita kwa ololedwa, osati kubwerera. Mungathe kuika relationship kuti izisefa mbali zonse ndi kuchonga Apply security filter in both directions, koma njirayi imachedwetsa lipoti mizere ya malonda ikachuluka, ndipo wina akadzawonjezera tebulo mtsogolo zimavuta kudziwa komwe sefa ikudutsa. Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi kuchotsa relationship imeneyo ndi kuika lamulo pa tebulo la madepoti lenilenilo, loti nambala ya depoti ikhale IN mndandanda womwe CALCULATETABLE ndi VALUES zikutulutsa kuchokera ku mizere ya munthu amene walowayo. Lamulo loyamba lija la pa tebulo la ololedwa musalichotse, kuti wina asamaone maimelo a anzake.

Bambo Gondwe, Chichiri:
Ndiwonjezere chimodzi chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa DAX. Tebulo la ololedwa likamakhala mu Excel pa kompyuta ya munthu mmodzi, wogwira ntchito akasamutsidwa kuchoka ku Lunzu kupita ku Zomba amapitirira kuona za Lunzu mpaka wina atakumbukira. Ngati lipotilo lili ndi mayina ndi manambala a foni a makasitomala, nkhaniyi ikukhudzanso lamulo la Data Protection Act la 2024. Gwirizanani ndi a HR kuti kalata yosamutsa munthu ikatuluka, tebuloli lizisinthidwa tsiku lomwelo ndipo refresh izichitika, chifukwa mu Import, njira yomwe model imasunga kope lake la deta, mzere watsopano sugwira ntchito mpaka model itatenga deta yatsopano.

Mayi Nachisale, Limbe:
Ndaika lamulo pa tebulo la madepoti monga mwanenera a Mbewe, ndipo pa Test as role bambo aja akuona Thyolo ndi Mulanje basi. Tebulo la ololedwa ndalisamutsira ku SharePoint, komwe a HR azilisintha okha, ndipo refresh ndaiika kuti izichitika m'mawa uliwonse madepoti asanatsegule.