Nkhalango ikapsa, nayitrojeni amachuluka kapena amatha? Ndithandizeni

Akuluakulu a m'gulu muno, makamaka amene munaphunzira za nkhalango, ndapanikizika. M'kalasi anatiuza kuti moto wolusa umawononga nayitrojeni m'nthaka. Koma zimene ndikuwerenga za nkhalango za aspen (mtengo wa masamba otambalala wa kumayiko ozizira) ndi paini ku America ndi ku Canada zikuti moto ukangodutsa, nayitrojeni amene zomera zimadya amakwera. Zoona ndi ziti? Sindikufunsa za mayeso okha. Paini wa bambo anga ku Dedza wapsa mwezi uno, ndipo iwo akuti phulusa ndi feteleza waulere, adzalapo chimanga mvula ikangogwa.

Yankho: Zonse ziwiri n'zoona, achimwene. Nayitrojeni amayamba kuuluka ndi utsi kutentha kukafika madigiri 200 a Celsius, choncho nkhokwe yonse imachepa. Koma wotsalayo moto umamumasula, amasanduka ammonium, ndipo pakapita miyezi tizilombo ta m'nthaka timamusandutsa nitrate. N'chifukwa chake udzu wa pa lupsa umabiriwira chonchija. Vuto la nitrate ndi lakuti sagwira dothi. Mvula yamphamvu ikagwa pasanamere kanthu, amatsikira pansi kapena kupita kumtsinje.

Yankho: Ndiwonjezerepo pa aspen, chifukwa anthu amangoiphatikiza ndi paini ngati n'chimodzi. Pansi pa paini pamaunjikana masamba osongoka aja, ochedwa kuwola, a utomoni. Nayitrojeni wambiri amakhala m'menemo, ndipo masambawo akayaka amayaka mwaukali mpaka dothi lapamwamba kupsa, nthawi zina kufika pomakana madzi. Masamba a aspen amawola msanga, pansi pake pamakhala chinyontho, moti moto ukafika m'nkhalango yake nthawi zambiri umafooka. Ndiye ngakhale mitengo ipse, mizu imakhala yamoyo n'kutulutsa mphukira zambirimbiri, zomwe zimayamwa nayitrojeni uja asanathawe. Ku Utah, ku America, kuli nkhalango ya aspen yotchedwa Pando, ya mahekitala pafupifupi 43, yomwe yonse inachokera ku mizu ya mtengo umodzi. Koma paini wa mtundu wa lodgepole amene anapsa ku paki ya Yellowstone ku America konko mu 1988 anachita kumera kuchokera ku njere, ndipo mbande yaing'ono singadye zambiri.

Wofunsa: Zikomo mayi. Nanga bambo ndiwauze chiyani? Sachedwa kunena kuti sukulu yandipatsa mwano.

Yankho: Musalimbane nawo, si kuti akunama. Phulusa lili ndi potaziyamu ndi kashiyamu, ndipo chaka choyamba chimanga chikhoza kuchita bwino. Abale athu a kumpoto kwa Zambia amadziwa zimenezi ndi chitemene, ulimi wodula nthambi za mitengo n'kuziwotcha kuti adzale pa phulusa, koma iwo amasamuka munda ukaguga. Paini wathu wa patula saphukira pachitsa ngati bulugama, ndiye malowo ali pambalambanda. Ngati ndi potsetsereka, ayambe akonza akalozera mvula isanagwe, asasese zotsalira za moto, ndipo m'chimangamo aikemo nandolo kapena ombwe. Urea asamuchotse pa bajeti.