Za magaidi a ku Rome zija, tabwerako

Abale, paja ndinafunsa ngati kuli bwino kulipira gaidi wathuwathu poyendera nyumba zachifumu zakale za ku Rome kapena kungolowa tokha, nde tabwerako.

Ku Galleria Borghese, kaya muli ndi gaidi kaya ayi, tikiti muzibukiratu, amakupatsani maola awiri basi ndipo Lolemba amatseka. Apa ndalama ya gaidi sindikuyidandaula olo pang'ono, anatizungulitsa chosema cha Apollo ndi mtsikana Daphne, chimene anasema Bernini, pang'onopang'ono mpaka tinaona zala za mtsikanayo zikusanduka masamba, mwala weniweni koma wopyapyala ngati uthothoka.

Koma Palazzo Colonna ndiye inandimaliza. A banja la Colonna akukhalamobe, nde masiku olowa aliyense ndi ochepa, Loweruka m'mawa ndi limodzi mwa masikuwo, masiku ena mumachita kupangana nawo mwapadera ndipo mtengo umakwera zedi. Pa masitepe a muholo yayikulu pali chipolopolo cha mzinga chimene asilikali a ku France anawombera mu 1849, chikadali pomwe chinagwera, gaidi akanapanda kutilozera bwenzi titangochidutsa.

Ku Doria Pamphilj musavutike ndi gaidi, kachipangizo komvetsera kamene amapereka pakhomo kakukwanira, ndipo chithunzi cha Papa Innocent X chojambulidwa ndi Velázquez chili ndi kachipinda kakekake.