Malenzi akale opanda autofocus: ndigule iti?

Mjambuli wa pa Kamuzu Road: Akuluakulu, ndimajambula zinkhoswe ndi maukwati kuno ku Salima ndi Canon 600D. Mlamu wanga ali ku Johannesburg akuti malenzi akale ozunguza ndi dzanja ngotchipa. Ndikufuna imodzi yojambulira nkhope, ina yoti gombe lonse la Senga Bay lilowe. Anditumizire iti?

Wa ku Chia: Ya nkhope tengani Helios 44-2, 58mm f/2, yopangidwa ku Soviet Union. Pakamera yanuyo iziona ngati 93mm, chifukwa sensa yake imachulukitsa ndi 1.6. Mkwatibwi mukamuimika patsogolo pa mtengo wa mango, masamba akumbuyo amaoneka ozungulira ngati kamvuluvulu, anthu amachikonda. Musaiwale adaputa ya M42, kachitsulo kolumikizira lenziyo ku kamera yanu. Za Canon FD, malenzi akale a Canon, zisiyeni achimwene, dzina ndi limodzi koma pa 600D sizilowa popanda adaputa yagalasi, yomwe imafooketsa chithunzi.

Mayi a Studio: Pa gombepo ndiye musataye ndalama. 28mm yakale imasanduka pafupifupi 45mm, mabwato theka atsala kunja. Lenzi ya 18-55mm yobwera ndi kamera ija ikuiposa.

Komanso bambo, ku ukwati anthu akamavina pa perekaniperekani, fokasi yamanja muithamangitsa mpaka thukuta. Helios isungireni zithunzi zoti anthu angoima.

Wa ku Chia: Zoona mayi. Mlamuyo awalitse tochi m'galasi asanalipire. Akaona timizere ngati ukonde wa kangaude, ndi chuku chimenecho, ndipo chinyezi cha kunyanja kuno chichikulitsa. Ikafika muziisunga m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi silica gel, timibulu toyamwa chinyezi.