Mpongozi wanga makolo ake ndi a ku Philippines: achibale akumudzi ndiwauze kuti apewe mawu ati?

Akuluakulu a m'gulu muno, ndigaireniko nzeru. Ndimakhala ku Leicester. Mwana wanga wamwamuna akumanga banja mu Ogasiti. Mtsikanayo anabadwira konkuno, koma makolo ake anachokera ku Philippines, mayi ake ndi namwino. Ankhoswe, amalume ake a mwanayu, akubwera kuchokera ku Dedza pamodzi ndi azakhali awiri. Pa WhatsApp ya banja aliyense akungoti "Mtchaina wathu uja", mwachikondi ndithu, koma ine mtima sukukhala m'malo. Mawu amenewa akadzamveka pa maikolofoni asewele anga ali pompo, ndidzayang'ana kuti?

Alendo ena ndi aneba athu amene makolo awo anali ndi masitolo ku Limbe, komanso anzanga akuntchito a ku Pakistan ndi ku Bangladesh. Kodi "amwenye" ndi mawu oti n'kutchula eni ake akumva? Nanga m'Chingelezi, "Asian" ali bwino? "Oriental" bwanji? Amalume adzalankhula Chingelezi, ndipo chawo ndi chija anaphunzira kalekale. Ndikufuna kuwakonzekeretsa asanakwere ndege, koma osawachititsa manyazi.

Namwino wa ku Birmingham:
Mayi, mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo. Ndimagwira ntchito ndi anthu a ku Philippines tsiku ndi tsiku, ndipo kutchedwa Mtchaina kumawawawa. Dziko lawo ndi la zilumba zoposa 7,000, ambiri ndi Akatolika chifukwa Spain inawalamulira zaka zoposa 300 mpaka 1898, ndipo chilankhulo chawo n'chosiyana kotheratu ndi cha ku China. Maiko awiriwa akulimbirananso nyanja ya South China Sea, mlandu unafika mpaka ku khoti la mayiko la ku The Hague kumene mu 2016 anagamula mokomera Philippines. Onjezanipo za 2020, pamene anthu a nkhope za kum'mawa kwa Asia ankanyozedwa m'misewu chifukwa cha Covid, pomwe anamwino a ku Philippines ankatha nayo m'zipatala. Mawu oyenera ndi "Filipino", mkazi "Filipina". Mudzawamva akudzitcha "Pinoy", koma amenewo asiyireni eni ake. Ndipo kukoka zikope kapena kuyerekeza malankhulidwe awo, ngakhale mwanthabwala pa perekaniperekani, chonde kusachitike.

Bambo wa ku Houston:
"Oriental" amalume asatchule n'komwe. Kuno ku America mu 2016 Barack Obama anasainira lamulo lochotsa mawuwa m'malamulo a boma, ndipo analibweretsa ndi Grace Meng, phungu wa ku New York. Ndi mawu a nthawi ya atsamunda, oika Mjapani, Mkoreya ndi Mfilipino m'dengu limodzi ngati anthu achilendo a kutali. "Chinaman" ndi "Jap" nawonso ndi otukwana. Koma samalani ndi "Asian": kuno munthu akamva amayamba kuganiza za China kapena Korea, kwanuko amaganiza za India ndi Pakistan.

Mwini funso:
Zoonadi bambo, kuno ukati "Asian shop" aliyense amadziwa kuti ukunena za ku Belgrave Road, msewu wa masitolo ambiri a anthu ochokera ku India. Ndiye mpongozi wangayo ndi "Asian" kapena ayi?

Namwino wa ku Birmingham:
Pa fomu ya boma ndi "Asian" ndithu, pansi pa "other Asian". Ngakhale anthu a ku China anawalowetsa m'gulu limenelo pa kalembera wa 2011. Mawuwo si achipongwe, kungoti ndi a pa fomu. Paukwati amalume angoti mwana wathu, n'kumutchula dzina. Pakhale chinthu chimodzi choti muwatsindikire kawiri: kufupikitsa dzina la Pakistan kukhala zilembo zinayi zoyambirira. Munthu wochokera kumudzi angaone ngati n'kufupikitsa chabe, koma ku Britain amenewa ndi mawu amene magulu a anyamata achizungu ankakuwa pomenya anthu a ku South Asia m'ma 1970. Ukhoza kuchotsedwa nawo ntchito.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Ine ndiye pa "amwenye" sindikuonapo vuto. Ndi mawu athu a Chichewa, nyuzipepala ndi wailesi zimawatchula, ena a iwo amadzitchanso choncho akamalankhula Chichewa. Tisamangotengera mantha a kunja n'kuyamba kuopa chilankhulo chathu.

Mayi wa ku Limbe:
Aphunzitsi, ndikugwirizana nanu theka. Mawuwo paokha si chitukwano ayi. Koma tamverani mmene timawatchulira nthawi zambiri: pokamba za malipiro ochepa, za kuuma manja, "mwenye ameneyu" munthu dzina lake tikulidziwa. Ndipo munthu amene agogo ake anabadwira ku Blantyre, amalankhula Chichewa, ali ndi pasipoti ya Malawi, timamunenabe ngati mlendo. Aneba anuwo mayi, mwina ali ku Leicester chifukwa cha zimene zinachitika m'ma 1970, pamene boma la Kamuzu Banda linalamula amalonda a ku Asia kuchoka m'maboma ang'onoang'ono n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu yokha. Mabanja ambiri anagulitsa masitolo n'kupita ku Britain. Ena kumeneko ndi a ku Uganda, amene Idi Amin anawapatsa masiku 90 mu 1972. Anthu oterowo nkhani ya "kwanu ndi kuti" imawakhudza pabala. Amalume akawapatsa moni m'Chichewa ngati anzawo a ku Malawi, mudzaona nkhope zawo mmene zidzawalire.

China, "amwenye" amabisa kusiyana kwakukulu. India ndi Pakistan anagawikana mu 1947 magazi atakhetsedwa kwambiri, Bangladesh inachoka ku Pakistan ndi nkhondo mu 1971. Wa ku Pakistan musamutche "Indian", wa ku Bangladesh musamutche "Pakistani". Ngati simukudziwa, "South Asian" amakwanira onse.

Mnyamata wa ku Durban:
Amayi, ngati pali achibale odzachokera ku Joni, auzeni asiye "coolie" ndi "makula" kunyumba. Ambiri timangowatola ku ntchito osadziwa gwero lake. Anthu a ku India anayamba kufika ku Durban mu 1860 pa sitima ya Truro, kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe pa mgwirizano umene sunasiyane kwenikweni ndi ukapolo. Dzina limene mabwana ankawaitanira ndi "coolie".

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Za Limbe ndamva mayi, ndipo za kuwatchula dzina ndavomera. Koma ndikuumirirabe kuti pocheza patokha mawuwo tisawataye.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Chatsala n'chakuti ndiwauze bwanji amalume, poti ndi achimwene anga aakulu ndipo ukwatiwu akuyendetsa ndi iwo?

Mayi wa ku Limbe:
Musalembe pa gulu la banja, angaone ngati mwawadzudzula pamaso pa ana. Aimbireni foni paokha, muwapemphe kuti iwo monga ankhoswe ndiwo alangize azakhali ndi ena onse. Atumizireni dzina lonse la mtsikanayo ndi maina a makolo ake pa mawu ojambula kuti aziyeserera katchulidwe, komanso dzina la dera limene anachokera ku Philippines. Muwachenjezenso kuti mpongoziyo mwina adzagwira dzanja lawo n'kuligunditsa pamphumi pake. Kwawoko ulemu kwa akuluakulu amapereka choncho, ndiye asadzabweze dzanja modabwa.