Taita ya HA ikugwa vairasi ya fuluwenza ikathiridwa BPL

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Vairasi ya fuluwenza yokololedwa m'mazira ikaphedwa ndi beta-propiolactone, BPL ija, pa 0.1%, taita ya HA (hemagglutination, muyeso wa mphamvu ya vairasi yomatanitsa maselo ofiira a magazi) ikuchoka pa 512 kufika pa 64. Vuto lili pati? Kapena tingosinthira ku formalin?

Gondwe_Lab: Mayi, yambani mwayeza pH. BPL ikakhala m'madzi imasweka n'kusanduka asidi, ndiye bafa (mankhwala oteteza pH kuti isasinthe) ikakhala yofooka pH imatsika msanga. Ikafika cha m'ma 5, puloteni ya HA (hemagglutinin, ya pamwamba pa vairasi, yomwe imagwira maselo ofiirawo) imapindika ndipo sibwereranso mwakale, mavairasi n'kuyamba kuundana. Madzi a m'dzirawo muyambe mwawazunguza pa centrifuge kuti zinyalala zikhale pansi, muike bafa ya phosphate, pH ikhale pakati pa 7.5 ndi 8. Bafa ya Tris ayi, imadya BPL isanagwire ntchito. BPL-yo muisungunule kaye m'madzi ozizira kwambiri, muzithira pang'onopang'ono mukutakasa, ndipo yesani 0.05%. Igone pa 4°C usiku wonse, kenako maola 2 pa 37°C kuti BPL yotsala iwonongeke. Zonsezi mu fume hood (kabati yokoka mpweya woipa) mutavala magolovesi, chifukwa BPL imayambitsa khansa.

Mwale_K: Formalin si pothawira. BPL imalimbana kwambiri ndi RNA, pomwe formalin imamangirira mapuloteni pamodzi, ndiye mukaichulutsa kapena kuisiya nthawi yaitali, malo amene ma antibody amagwira amasintha. Pa 1:4000 taita imasungika ndithu, koma pamafunika masiku angapo. Kumbukirani katemera wa RSV (vairasi yodwalitsa njira zopumira) wa m'ma 1960 wophedwa ndi formalin: ana amene anabayidwa anadwala kwambiri atakumana ndi vairasi yeniyeni, awiri anamwalira. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti puloteni ya F ya pamwamba pa vairasiyo inali itachoka pa maonekedwe a prefusion, omwe imakhala nawo isanalumikize vairasi ndi selo. Antijeni ingathe kuoneka bwino pa mbale koma isakufanananso ndi vairasi yamoyo.

Tamanda: Onaninso kayezedwe kanu. Maselo ofiira a nkhukundembo akhale 0.5%, atsopano, otsukidwa katatu, ndipo sampulo yosathiridwa mankhwala iyezedwe pa mbale yomweyo. Kutsika ndi chibowo chimodzi cha pa mbale (taita kutsika ndi theka) si nkhani, koma zitatu ngati zanuzo ndi vuto lenileni. Musanagwiritse ntchito vairasiyo pa HI (hemagglutination inhibition, kuyeza ma antibody oletsa kumatana kwa maselo), yezaninso kuti mupeze 4 HAU (mayuniti a HA) mu 25 µl, osadalira taita yakale. Ndipo musaitulutse mu labu musanatsimikize kuti yafadi: ibayeni m'mazira a masiku 10, mukolole, mubayenso kachiwiri, HA isapezeke konse.

Gondwe_Lab: Eya. Mukatha, vairasiyo muigawe m'timachubu ting'onoting'ono, chifukwa kuumitsa ndi kusungunula mobwerezabwereza nakonso kumagwetsa taita.